Mnyamata wa zaka 14 kufuna ugavanala: zimatheka bwanji ku America?

Anzanga, sabata yatha ku kalabu ya mtsutso ndinanena kuti mnyamata wa zaka 14 anapikisanapo pa mpando wa gavanala ku United States. Anthu anandiseka, wina mpaka anati, "Aise, zimenezo wazilota." Ndiye ndalemba phunziro ili kuti nkhaniyi ithere pano pa bolodi, komanso kuti tonse tidziwe mmene munthu amalowera pa pepala lovotera kumeneko.

Poyamba tidziwe kuti dziko la America lili ndi zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi boma lakelake, nyumba ya malamulo yake komanso malamulo ake a chisankho. Pali maudindo omwe anthu a m'chigawo chonse amavotera, monga gavanala, wachiwiri wake, loya wamkulu wa boma ndi msungichuma. Kuno kwathu zoterezi kulibe, poti zigawo zathu zitatu zilibe maboma awoawo. Choncho musadabwe kumva kuti lamulo la ku Texas ndi losiyana ndi la ku Vermont.

Gawo loyamba ndi zoyenereza. Ku Texas, wofuna ugavanala ayenera kukhala nzika ya America, wa zaka 30 kapena kuposa, ndipo akhale atakhala m'chigawomo zaka 5. Ku New York nakonso ndi zaka 30. Koma malamulo a Vermont satchula msinkhu, amangofuna kuti munthu akhale atakhala m'chigawomo zaka 4. Mpata umenewu ndi womwe Ethan Sonneborn anaugwiritsa ntchito mu 2018. Anali ndi zaka 14, ndipo dzina lake linalowadi pa pepala la chisankho chachipulula cha chipani cha Democratic. Sanapambane, koma anaima nawo limodzi ndi akuluakulu. Chaka chomwecho ku Kansas achinyamata angapo a kusekondale anaimanso, mmodzi mwa iwo ndi Jack Bergeson. Aphungu a ku Kansas ataona zimenezi anasintha lamulo, ndipo kuyambira 2019 wofuna ugavanala kumeneko ayenera kukhala ndi zaka 25.

Chinanso chosangalatsa: pa ugavanala sikuti munthu achite kubadwira ku America. Arnold Schwarzenegger, uja wa mafilimu, anabadwira ku Austria koma anakhala gavanala wa California mu 2003. Pa upulezidenti sakanaloledwa, chifukwa pamenepo lamulo limafuna nzika yobadwa nacho.

Gawo lachiwiri ndi kulipira ndalama kapena kutolera masiginecha a ovota. Ku Texas munthu amasankha: kulipira madola 3,750 kapena kubweretsa masiginecha 5,000. Ku California ndalama yake ndi 2 peresenti ya malipiro a chaka chimodzi a udindowo, ndipo pamwamba pake pamafunika masiginecha osachepera 65. Ku Vermont, Ethan anafunika masiginecha 500. Cholinga n'choti woima aonetse kuti ali ndi anthu kumbuyo kwake. Khomo likakhala lotseguka kwambiri, anthu amachulukana zedi. Pa chisankho chapadera cha ku California cha 2003, chomwe chinachotsa Gray Davis pampando, pa pepala lovotera panali mayina 135. Tangoganizani kufufuza dzina la munthu wanu pa mndandanda wotalika choncho!

Gawo lachitatu ndi kupereka zikalata pa nthawi yake komanso kumalo koyenera. Ku California nthawi yopereka zikalata imatsegulidwa patatsala masiku 113 kuti chisankho chachipulula chichitike, n'kutsekedwa patatsala masiku 88. Ku Texas woimira chipani amapereka zikalata kwa wapampando wa chipanicho m'chigawomo, m'mwezi wa Disembala, pomwe chipulula chimachitika m'mwezi wa Marichi. M'zigawo zambiri ofesi ya Secretary of State ndi yomwe imatsimikiza mndandanda womaliza. Ukachedwa, basi, palibe zoti "abwana, galimoto inafa panjira." Woima amayeneranso kulengeza chuma chake ndi kufotokoza komwe ndalama za kampeni zikuchokera.

Gawo lachinayi ndi kuunika, ndipo apa ndi pomwe ambiri amagwera. Ogwira ntchito za chisankho amafananiza masiginecha ndi kaundula wa ovota. Ku Michigan wofuna ugavanala kudzera m'chipani chachikulu amafunika masiginecha 15,000 ovomerezeka. Mu 2022 anthu 5 mwa 10 omwe ankafuna kuimira chipani cha Republican anachotsedwa, chifukwa mwa masiginecha omwe anapereka munapezeka ambiri abodza. Iwo analemba ganyu anthu oti awatolelere masiginechawo, ndipo ena mwa aganyuwo ankangokhala pansi n'kumasainira anthu omwe sanakumane nawo n'komwe. Mmodzi mwa ochotsedwawo anali James Craig, yemwe kale anali mkulu wa apolisi mumzinda wa Detroit ndipo ambiri ankamuona ngati wotsogola. Anagwera pa mapepala, ndipo dzina lake silinalowe n'komwe pa pepala lovotera.

Ukadutsa zonsezi ndiye umalowa m'chipulula, ndipo wopambana amapita ku chisankho chachikulu cha mu Novembala. California imachita mosiyana: onse amaikidwa pa pepala limodzi posatengera chipani, ndipo awiri opeza mavoti ambiri ndi omwe amapitirira, ngakhale atakhala a chipani chimodzi.

Tikayerekeza ndi kwathu, wofuna upulezidenti wa Malawi ayenera kukhala ndi zaka 35, wofuna uphungu zaka 21, ndipo onse amapereka zikalata ku bungwe la MEC. Ndiye ife a Fomu 3 tidikire kaye, za Ethan kuno sizingatheke.

Ine chomwe ndatolapo n'choti Ethan anawerenga lamulo n'kutsata zonse, pomwe Craig anasiyira ena ntchito osaiunika. Teremu ikubwerayi tisankha maprifekiti. Amene mukufuna kuima, kafunseni msanga zoyenereza ndi tsiku lomaliza kupereka dzina, ndipo fomu yanu muiwerenge nokha musanaipereke. Ndipo iwe unati ndalota, ndikukudikira Lachisanu ku kalabu.