Kupulumutsa Dzino: Cifukwa Cace Kamzati Nthawi Zina Kamasukusa

Anthu ambiri m'makomboni aganiza kuti mankhwala a dzino lopweteka ndi kulizula basi. Koma dzino lina lingathe kupulumuka. Dokotala wa mano amacotsa mtsempha wovunda mkati mwa muzu, natsuka njira yace, ndi kuitseka. Nchito imeneyi ichedwa root canal.

Potseka muzu amalowetsamo timitengo ta gutta-percha, utomoni wa mitengo ya ku Malaysia, pamodzi ndi phala lomata lochedwa sealer. Phalali litseka timipata kuti tizilombo tisalowenso.

Ngati mutu wa dzino unaphwanyika kwambiri, pafunika kamzati, kamene madokotala acha post. Dokotala amacotsako gutta-percha, kusiya mamilimita 4 kapena 5 kunsonga kwa muzu, namata kamzatiko ndi simenti ya mano. Pamwamba pace amamangapo dzino ndi kuliveka cisoti.

Bvuto liri apa. Phala lina, limene lagwiritsidwa nchito kwa zaka zambiri, liri ndi eugenol, mafuta ocokera ku zonunkhira zochedwa cloves. Mafutawa alowerera m'zipupa za muzu, ndipo aletsa simenti ya mtundu wa resin kuuma bwino. Aliyense wokonza njinga adziwa kuti cigamba sicigwira pa chubu ca mafuta. Momwemonso kamzati komatidwa pa muzu wotere kangathe kusukusa. Kakayamba kugwedezeka, malobvu ndi tizilombo zilowa, muzu ungang'ambike, ndipo dzino lija lizulidwabe, ndalama zitapita kale.

Dokotala ali nazo njira zopewera izi. Angathe kusankha phala lopanda eugenol, kupala ndi kutsuka bwino zipupa za muzu, kudikira masiku angapo asanamate kamzati, kapena kumata ndi simenti ya mtundu wina, monga glass ionomer. Koma ayenera kudziwa cimene cinaikidwa m'muzumo.

Ici ncofunika kwa anthu a m'boma la Chadiza. Wodwala wofuna thandizo loposa amatumizidwa ku cipatala cacikulu ca Chipata, ndipo ena amayamba nchitoyi ku Lusaka ndi kudzaitsiriza kwina. Dokotala waciwiri sangazindikire mtundu wa phala pongoyang'ana cithunzi ca X-ray.

Tsono wodwala akumbukire izi:

1. Apemphe dokotala kulemba pa khadi dzina la phala ndi tsiku limene muzu unatsekedwa.
2. Asunge khadilo ndi kupita nalo kulikonse.
3. Asaike yekha mafuta a cloves m'bowo la dzino limene liri kukonzedwa.
4. Asatafunire cimanga cokazinga, nzimbe kapena mafupa mbali imeneyo cisoti cisanaikidwe.
5. Abwerere pa tsiku limene anauzidwa, ngakhale kupweteka kutatha.
6. Kamzati kakagwedezeka kapena kugwa, akasunge ndi kupita nako kucipatala msanga.

Kutha kwa ululu sikutanthauza kuti nchito yatha. Dzino lapulumuka pamene kamzati kagwira ndipo cisoti cabvekedwa.