Khutba ya Jumu'a: Shura pa Bwalo la Anthu Onse ku Mpadue

KHUTBA YOYAMBA

Tikumuyamika Allah, Mwini ulemerero, amene adatipatsa nthaka yokhalapo, madzi akumwa ndi mthunzi wousapo. Tikuikira umboni kuti palibe woyenera kupembedzedwa koma Iye yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndiponso Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja kwake ndi pa Maswahaba ake onse.

Pambuyo pa izi: inu akapolo a Allah, tikudzilangiza ife eni ndi kukulangizani inu kumuopa Allah mobisika ndi moonekera.

Abale olemekezeka, nkhani yathu lero ndi ya malo amene sali a munthu mmodzi: bwalo limene ana amaseweramo mpira, patsinde pa mtengo pamene agogo amausa, kanjira kamene amayi amadutsa popita ku msika. Mzinda wa Tete ukukula mothamanga. Kalembera wa 2017 adapeza kuti muli anthu opitirira 300,000. Chitsegulireni mlatho wa Kassuende mu 2014, umene umalumikiza mbali yathu ino ndi Benga, tonse taona mmene magalimoto akuluakulu achulukira ndi mmene nyumba zikumerera pamene kale padali thengo. Bairro ikamakula chotere, choyamba kutha ndi malo opanda mpanda, chifukwa palibe amene amawalondera usiku monga alondera puloti yake. Ndipo mwana wosowa posewera sakhala m'nyumba. Apita kumsewu kumene kuli mathiraki, kapena kugombe la Zambezi kumene kuli ng'ona.

Nchifukwa chake tikunena kuti: tsiku limene mlembi wa bairro kapena mkulu wa quarteirão adzaitana msonkhano wokambirana za bwalo, za malo opumulirako kapena za kubzala mitengo, Msilamu asakhale pakhomo n'kumati zimenezo n'za a khonsolo. Mu Qur'an yolemekezeka muli Sura yathunthu, ya 42, yotchedwa Shura, kutanthauza kukambirana. Mu ndime ya 38 ya Sura imeneyi khalidwe la kufunsana nzeru laikidwa pakati pa kuimika Swala ndi kupereka chuma pa njira ya Allah. Ofika pamzere woyamba wa Swala sayenera kusowa pabwalo la zokambirana.

Taganizani zimene zidachitika ku Badr m'chaka chachiwiri cha Hijra. Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adaimitsa gulu lake pamalo ena. Swahaba wina, Hubab ibn al-Mundhir, amene ankazidziwa bwino zitsime za dera limenelo, adafunsa mwaulemu ngati malowo adasankhidwa ndi chivumbulutso kapena ndi maganizo a nkhondo chabe. Atamva kuti ndi maganizo, adalangiza kuti asunthire ku chitsime choyandikira adani. Mtumiki adavomera, gulu lonse lidasamuka. Onani bwino apa, abale: munthu amene ankalandira chivumbulutso adamvera munthu amene ankadziwa nthaka. Nanga katswiri wojambula mapulani, ngakhale ataphunzira chotani ku Maputo kapena ku Beira, angapose bwanji mayi amene wakhala zaka makumi awiri pafupi ndi bwalolo, amene akudziwa kumene madzi amadikha mvula ikagwa ndi kumene mphepo ya fumbi imachokera? Katswiriyo ali ndi nzeru zimene ife tilibe, ndipo timulemekeze. Koma chimene sadachione sangachijambule, pokhapokha wina atamuuza.

Ndipo tili nazo zomuuza. Kuno ku Tete, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40. Benchi ya chitsulo kapena ya simenti yoikidwa padzuwa ndi yokongola pachithunzi cha tsiku lotsegulira, koma palibe angakhalepo kuyambira m'mawa mpaka Asr itadutsa. Chotero mawu athu oyamba pamsonkhano akhale a mthunzi. Mtengo umene ulipo kale, kaya ndi mlambe, bwemba kapena msawu, usadulidwe pofuna kuyala simenti. Pulani ndiyo ipinde kuzungulira mtengo. Mlambe umene waima pamenepo udayamba kumera agogo athu asadabadwe, ndipo palibe ndalama ya khonsolo imene ingaubwezere. Pobzala yatsopano, tipemphe mitengo yopirira chilala chathu, monga nimu, bwemba ndi masawu. Kapinga wofuna kuthiriridwa tsiku ndi tsiku, m'dera limene mabanja ena amavutika kupeza madzi akumwa, ndi israf, kuononga.

Funso lina ndi lakuti: pamsonkhanopo alankhula ndani? Tikudziwa chizolowezi chathu. Amuna achikulire amakhala pamipando kutsogolo, amayi pamphasa kumbuyo, achinyamata ataima patali, ndipo msonkhano umatha atalankhula anthu asanu. Komatu amene amaligwiritsa ntchito bwalo koposa ndi omwe akhala chetewo. Ku Hudaybiya, m'chaka cha 6 cha Hijra, pamene Maswahaba adalemedwa mtima ndi pangano n'kuchedwa kutsatira lamulo, amene adapereka nzeru yomasula vutolo adali mayi wa okhulupirira, Ummu Salama. Mayi wogulitsa masawu ndi mandazi pambali pa bwalo afunsidwe asadasamutsidwe. Atsikana afunsidwe ngati adzalimba mtima kudutsapo dzuwa litalowa, ndipo yankho lawo ndilo lidzatiuza pofunika nyale. Woyenda panjinga ya olumala anene yekha za masitepe. Anyamata a mpira nawonso ali ndi mawu, koma adziwe kuti bwalo lonse silingakhale la zigoli ziwiri.

Tisaiwalenso kuti bwalolo si la Asilamu okha. Tidzakhala pamodzi ndi anansi athu Achikhristu ndi ena, olankhula Chinyungwe, Chichewa, Chisena ndi Chipwitikizi. Amene amadziwa zilankhulo ziwiri amasulire mnzake, kuti pasakhale gogo wobwerera kunyumba osamva chimene chagwirizanidwa.

Tikunena mawu amenewa ndi kupempha chikhululuko kwa Allah, ife ndi inu. Mupempheni, pakuti Iye ndi Wokhululuka.

KHUTBA YACHIWIRI

Kuyamikidwa ndi kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki Wake.

Abale, ena amaopa kulankhula poganiza kuti kufunsa za malo a onse ndi kulimbana ndi boma. Malamulo a dziko lino sakutero. Lamulo la Malo la 1997 limati nthaka ndi ya Boma ndipo sigulitsidwa. Munthu amangolandira chilolezo choigwiritsa ntchito, chija timati DUAT. Lamulo la 2007 la kakonzedwe ka malo limapatsa nzika ufulu wodziwa ndi wotengapo mbali pokonza mapulani a kumene zikukhala. Ku Maputo, kuyambira 2008, khonsolo idayamba kuitana anthu m'mabairro kuti asankhe okha ntchito zina zogwiritsira ndalama za mzinda. Choncho kufunsa kuti malire a bwalo ali pati, pulani ili kuti, ndipo ntchito idzatha liti, ndi ufulu wanu. Funsani mwaulemu, popanda kunyoza kapena kunamizira munthu katangale mulibe umboni, ndipo pemphani kuti zogwirizana zilembedwe ndi kuwerengedwa pamaso pa onse.

Pali mbali imene imatigwera ife eni. Malo ambiri a onse amafa chifukwa cha ife anansi ake: wina asuntha mpanda wake mita imodzi, wina ataya zinyalala usiku, wina akumba dothi loumbira njerwa. Mtumiki adachenjeza mwamphamvu za kulanda nthaka ngakhale yaing'ono ngati chikhatho, adaletsa kudzithandiza panjira ndi pamthunzi pamene anthu amausa, ndipo adatiphunzitsa kuti kuchotsa chopweteka panjira ndi sadaka. Adatiuzanso kuti mtengo umene Msilamu wabzala, chilichonse chodyako, munthu, mbalame kapena chiweto, chimamulembetsa sadaka. Amene akuti malo odzala zinyalala sangasinthe amve za ku Cairo: Al-Azhar Park, imene idatsegulidwa mu 2005, idamangidwa pa dzala la zaka mazana asanu.

Mvula ikayamba, mu Novembala kapena Disembala, ndiyo nthawi yobzala. Koma tonse tikudziwa kuti mbande yopanda mpanda kuno ku Tete ndi ndiwo ya mbuzi. Banja lililonse limene lingathe litenge mtengo umodzi, liutchingire ndi minga kapena njerwa, ndi kuuthirira chilimwe choyamba ndi chachiwiri kufikira utagwira. Madzi otsala pa wudhu, m'malo moti angoyenderera pansi, tingawalunjikitse ku mitengo ya pabwalo la mzikiti, ndipo ana a madrasa angapatsidwe udindo woiyang'anira.

E Allah, tetezani ana athu kumsewu ndi kumtsinje. Tipatseni mvula yothandiza, yosaononga. Ongolani atsogoleri a mzinda wathu, ndipo khululukirani makolo athu, amoyo ndi amene adatsogola. Amin.

Imikani Swala.