CIPHUNZITSO CA MWEZI UNO: MTSINJE WA JINZU NDI MALAMULO A MADZI

Mlimi akhoza kumanga mpanda kuti mbuzi zingalowe m'munda mwace, koma madzi ocokera kumtunda alibe mpanda. Cifukwa cace mwezi uno tiphunzire za alimi a ku Japan, ndi umo malamulo anawathandizira, angakhale anafika mocedwa.

1. Mtsinje ndi mgodi.

Mtsinje wa Jinzu utsika kumapiri, nupyola cigwa ca Toyama, nuthira m'nyanja. Alimi a m'cigwamo anapatutsa madzi ace m'ngalande kukathirira mpunga, namwanso omwewo. Kumtunda, ku Kamioka, kunali mgodi wa kampani ya Mitsui, kumene anakumba mtobvu ndi zinki. M'miyala ya zinki mukhala citsulo cina caululu, dzina lace kadimiyamu. Zaka zambiri zotaya za mgodi zinatsika naco kumtsinje, ndipo cinakhazikika m'nthaka ya minda.

2. Nthenda.

Poyamba alimi anaona mpunga uli kufooka, ndi dzinthu zao kucepa. Koma coipa coposa cinabisala m'njere, pakuti mizu ya mpunga imamwa kadimiyamu. Ululu umenewu ukhalitsa m'thupi, nuononga impso. Ndipo impso zikaonongeka, mafupa afewa. Odwala ambiri anali akazi acikulire obala ana angapo, ndipo ena anathyoka mafupa pakutsokomola pokha. Anthu anaicha nthendayo itai-itai, ndiko kunena, kuwawa, kuwawa. Caka ca 1961 dokotala wa komweko, Noboru Hagino, pamodzi ndi anzace analalikira poyera kuti gwero lace ndi kadimiyamu, koma boma linabvomereza mau awa caka ca 1968.

3. Mlandu.

Caka comweco odwala ndi abale ao anasumira kampani. Anapambana ku bwalo la Toyama caka ca 1971, napambananso ku bwalo lalikulu caka ca 1972. Cowathandiza cinali lamulo la migodi, lakuti mwini mgodi alipe zoonongeka ndi zotaya zace, kungakhale palibe umboni wakuti anacita mosasamala. Pamenepo kampani inalonjeza kulipa odwala ndi alimi, ndi kulola anthu a m'cigwa kulowa m'mgodi caka ndi caka pamodzi ndi akatswiri ao, kukayesa madzi ndi maso ao.

4. Malamulo a 1970.

Mlanduwo usanathe, Nyumba ya Malamulo inaika malamulo 14 a zoipitsa dziko. Awiri a iwo ndiwo akhudza mlimi. Loyamba linaika malire a ululu umene fakitale kapena mgodi ukhoza kutulutsa m'madzi ace, malire amodzi dziko lonse, nililola maboma a zigawo kuumitsa malirewo. Laciwiri linanena za nthaka ya minda: kumene mpunga unapezeka ndi miligalamu imodzi ya kadimiyamu m'kilogalamu, kapena kuposa, boma likonze nthakayo; ndipo lamulo lina la caka comweco linati woiipitsa asenzeko mtengo wace. Pambuyo pace malirewo anatsitsidwa kufikira 0.4.

5. Kukonza minda.

Zindikirani bwino apa. Kutseka mpope wa madzi oipa ndi nchito yaifupi, koma citsulo siciola ngati manyowa. Cikalowa m'nthaka, cikhala momwemo. Cotero anchito anapala nthaka yapamwamba, naikwirira pansi, nayala miyala pamwamba pace, natuta nthaka yabwino kutali kudzafunda nayo. Nchitoyi inayamba caka ca 1979, nitsirizika caka ca 2012, zaka 33, pa mahekitala 863. Minda inabalanso mpunga wabwino. Koma mafupa a amai aja panalibe bwalo lakutha kuwabweza.

Tsono, abale, sungani zinthu zitatu. Lamulo loletsa liposa lamulo lolipitsa, pakuti lifika maliro asanacitike. Lamulo lisowa maso, ndipo maso osagona ndiwo a eni minda. Ndiponso yense wa ife akhala kumtunda kwa mnzace. Wotsuka botolo la mankhwala a mbeu m'mtsinje acita pang'ono comwe mgodi unacita kwakukulu.

Mafunso.
1. Kodi ululu unayenda njira yotani kucokera kumgodi kufikira m'mafupa?
2. Cifukwa ninji lamulo la madzi lokha silinakwanira?
3. Kumtunda kwa dimba lanu kuli ciani, ndipo kunsi kwace amwa ndani?