Mana a M'mawa Uno

LACHIWIRI

Werengani Eksodo 16:13-30. Kodi n'chifukwa ninji Yehova sanapatse Aisrayeli chakudya cha chaka chonse pa nthawi imodzi?

Aisrayeli anafika m'chipululu cha Sini pa tsiku la 15 la mwezi wachiwiri atatuluka m'Aigupto, kamba wawo atatha. Yehova anawagwetsera mana, koma anaikapo malire: omeri limodzi pa munthu aliyense, ndiwo muyeso wa malita awiri kapena kupitirirapo pang'ono. Dzuwa likatentha, otsala pansi anali kusungunuka. Osungidwa kufikira m'mawa anali kugwa mphutsi ndi kununkha. Zinatero zaka 40, kufikira anthuwo anadya za m'dziko la Kanani ku Giligala (Yoswa 5:10-12).

Ife a ku Utale sitisowa wotiuza tanthauzo la njala. Dera lathu, limene linali m'boma la Machinga kufikira Balaka atakhala boma palokha mu 1998, mvula yake njosadalirika, ndipo mtsinje wa Rivirivi umaphwa kwambiri m'chilimwe. Makolo athu anasimba za njala ya 1949. Chilala cha 1992 chinapsereza chimanga m'minda, ndipo mu 2002 mabanja ambiri m'dziko muno anagonera madeya. Munthu amene anaonapo zotere mtima wake umakhazikika pokhapokha nkhokwe ikadzaza. Pamenepa ndi pamene pali yesero lathu: kodi chikhulupiriro chathu chili mwa Wopatsayo, kapena m'matumba a chimanga amene anankafumbwe akhoza kufumbula?

Kodi phunziroli likuletsa kusunga chakudya? Yerekezani Genesis 41:33-36 ndi Luka 12:16-21.

Yosefe anakundika tirigu zaka 7, napulumutsa mitundu ya anthu. Mwini chuma wa m'fanizo la Yesu anakundikanso, natchedwa wopusa. Onse awiri anamanga nkhokwe. Chosiyana chinali mtima. Tiyenera kulima, kupalira ndi kusamala zokolola, pakuti ngakhale mana sanagwere mumphika: munthu anayenera kulawira ndi kuwatola. Choletsedwa ndicho kuyesa nkhokwe mulungu wathu. Paulo anatengapo phunziro lakuti wokhala nazo zochuluka athandize wosowa (2 Akorinto 8:13-15). Kawirikawiri mana a mnansi wathu wamasiye Mulungu amawasungiza m'nyumba mwathu.

Kodi mana anaphunzitsa chiyani za Sabata? Eksodo 16:22-26.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi anthu anatola miyeso iwiri, ndipo wa mawa lake sunavunde. Pa Sabata sipanagwe kanthu. Mlungu ndi mlungu Yehova anaonetsa kuti wopumula pa tsiku Lake sataya kanthu. Mlimi amene aika khasu pansi dzuwa likulowa Lachisanu, pamene udzu wakula m'munda wa thonje, akuphunzira phunziro lomwelo.

Kodi mana athu lero ndi chiyani? Deuteronomo 8:3, Yohane 6:32-35, 63.

Mose anafotokoza kuti njala ndi mana zinadza kuti anthu adziwe kuti moyo uchokera m'mawu a Mulungu. Yesu anadzitcha Mkate weniweni wotsika kumwamba, ndipo timamlandira mwa Mawu Ake. Komatu ambiri a ife tikukhalira mkute wauzimu. Timakumbukira ulaliki wa pa msonkhano wa misasa wa chaka chatha, timasimba za tsiku la ubatizo wathu, koma Buku Lopatulika timalitsegula pa Sabata pokha. Palibe mayi amene amaphikira ana ake nsima kamodzi pa mlungu. Mayesero a lero afuna mphamvu ya lero.

Yesu mwini anali kuuka usiku, kusanache, kukapemphera (Marko 1:35), ndipo a ku Bereya anasanthula m'Malembo masiku onse (Machitidwe 17:11). Akuluakulu anati papsa tonola, sudziwa mtima wa moto. Tisanapite kudimba kapena kumsika, tisonkhanitse banja, tiwerenge ndime imodzi, ndi kufunsa chimene Mulungu afuna kuti tichite nayo tsiku lomwelo. Amene sadziwa kuwerenga, mwana wa sukulu amuwerengere.

Zolingalira: Kodi ndi nkhawa iti ya mawa imene ikukulepheretsani kutola mana a m'mawa uno? Nanga kalasi yanu ingathandize banja liti m'mwezi wa njala ukudzawu?