Anasiya Mpingo wa Mormon, Koma Sanachoke Pakati pa Abale Awo: Mafunso ndi Mayankho

Talemba kabuku kano chifukwa cha funso limene achibale a anthu osiya Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza, wodziwikanso kuti Mpingo wa Mormon, amafunsa mobwerezabwereza, makamaka ku Utah m'dziko la America: ngati anasiyadi, akufunanso chiyani pakati pathu?

Kodi mpingowu unayamba liti?

Joseph Smith anauyambitsa mu 1830 m'chigawo cha New York. Ataphedwa mu 1844, Brigham Young anatsogolera anthu ambiri kumadzulo mpaka kufika ku chigwa cha Salt Lake mu 1847.

Ngati sakhulupiriranso, n'chifukwa chiyani amabwerabe ku maliro ndi ku zikondwerero?

Kwa ambiri a ku Utah, Chimormon ndi chikhulupiriro komanso mtundu wawo. Ena mwa makolo awo anakoka ngolo zamanja ulendo wautali mu 1856, ndipo ambiri a m'magulu a Willie ndi Martin anafa ndi chisanu ndi njala ku Wyoming. Munthu akasiya kukhulupirira Buku la Mormon, makolo amenewo amakhalabe ake. Chibale ndi fupa, sichiola. Tsiku la 24 Julayi, lokumbukira kufika kwa makolo oyamba ku chigwa cha Salt Lake mu 1847, ndi tchuthi cha boma la Utah, choncho wosiya mpingo ali nalonso gawo. Onjezani kuti mpingo wa m'dera, umene amautcha ward, umagawidwa potsata malo amene anthu akukhala. Bishopu wake salandira malipiro, ndipo mwina ndi mnansi wa kuseri kwa mpanda. Pakagwa zovuta, amayi a bungwe la Relief Society ndiwo amafika ndi mbale za mbatata ya kachewere yophika ndi tchizi. Kuwapewa onsewa kungafune kusamuka m'mudzi.

Kodi kumeneku si kuyenda pawiri?

Ena amati anthuwa amachoka mu mpingo koma sasiya kulankhula za mpingowo. Dandaulo limeneli talimva, koma sitigwirizana nalo. Woyenda pawiri amabisa maganizo ake, pomwe ambiri mwa awa ananena poyera kuti sakhulupirira, nalandira zotsatira zake. Amalankhulabe za mpingowo chifukwa ndi mbiri ya banja lawo, ndipo magazini ya Dialogue, imene inayamba mu 1966, komanso misonkhano ya Sunstone, zimasonkhanitsa okhulupirira ndi osiya pa nkhani zomwezi. Mpingo weniweniwo unasindikiza zolemba mu 2013 ndi 2014 zofotokoza za mitala ya Joseph Smith ndi kuletsa amuna akuda kukhala ansembe mpaka 1978. Wofunsa za nkhani zimene mpingo unavomereza sayenera kuonedwa ngati mdani.

Kodi kusiya mpingo kungamutayitse chiyani munthu?

Zimasiyana banja ndi banja. Wopanda chiphaso cholowera m'kachisi, chimene chimafuna kupereka chakhumi ndi kutsata malamulo ena, saloledwa pa mwambo womanga banja kwamuyaya, ndiye mayi akhoza kudikira panja mwana wake akukwatitsidwa mkati. Kuyambira mu 2019 okwatirana angathe kuchita ukwati wa kuboma, kumene onse angabwere, kenako n'kupita kukachisi osadikira chaka monga zinalili kale. Izi zachepetsako ululu m'mabanja ena, ngakhale si onse. Wofufutitsa dzina m'kaundula wa mpingo amataya madalitso a ubatizo ndi a m'kachisi monga mpingo umaphunzitsira, ndipo makolo ena zimawapweteka kwambiri. Ndi bwino kukambirana nawo asanalembe kalata yofufutitsa dzina.

Komabe, kodi sabwera kuti akope ana athu?

Funsoli ndi lija la poyamba m'mawu ena, ndipo ndi limene timalandira kwambiri. Sitingalonjeze kuti palibe amene angayese kutero, poti alipo ena amene anachoka ndi mkwiyo. Koma m'bale wobwera pa ubatizo wa mwana wa mlongo wake wa zaka 8 nthawi zambiri wabwera chifukwa ndi malume ake a mwanayo. Ngati mukuda nkhawa, mufunseni mwaulemu, ndipo mugwirizane nkhani zimene simudzakamba pamaso pa ana.