PHUNZIRO: NYIMBO YOKOMA NDI MWINI WACE WOCIMWA

Lero tiphunzira za funso limene libvuta makolo ndi akatekisti ambiri. Mnyamata wapeza gitala, ndipo tsiku ndi tsiku amvera nyimbo za woimba wina wochuka kuti atengeko kaimbidwe kace. Pambuyo pace atate ace amva kuti woimbayo ali ndi mbiri yonyansa, ndi kuti ananyozapo anthu akuda pamaso pa khamu. Kodi amletse mwanayo kumvera nyimbozo? Kapena anene kuti nyimbo ndi nyimbo, za mwini wace sizitikhudza? Kuti funsoli lisakhale la m'malere, titenge munthu mmodzi weni-weni, Eric Clapton wa ku Mangalande.

Clapton anabadwa pa 30 March 1945 m'mudzi wa Ripley. Analeredwa ndi agogo ace, ndipo paubwana wace ankayesa kuti mai ace omubala ndi mlongo wace. Ali mnyamata anakopeka ndi nyimbo zochedwa blues, ndizo nyimbo za madandaulo za anthu akuda a ku Amereka, zidzukulu za akapolo. Aphunzitsi ace anali malekodi a Robert Johnson, Muddy Waters ndi B.B. King. Pofika 1966 luso lace pa gitala linali litamveka kotero kuti anyamata ena a ku London ankalemba pa makoma kuti Clapton ndiye mulungu. Mau amenewa muwasunge, cifukwa tibwerako. Mu 1974 anaimba nyimbo ya Bob Marley wa ku Jamaica yochedwa I Shot the Sheriff, nayo inaposa nyimbo zonse ku Amereka pa masiku amenewo.

Tsono pa 5 August 1976, akuimba mu mzinda wa Birmingham ali ciledzerere, analeka kuimba nayamba kulankhula. Anauza anthu kuti atsate Enoch Powell, phungu wa nyumba ya malamulo amene mu 1968, mu mzinda womwewo, anaopseza Angelezi kuti alendo ocokera ku maiko amene kale ankalamulidwa ndi Britain adzawalanda dziko. Clapton anachula alendowo ndi maina acipongwe amene sitingawalembe m'nyuzi ya Eklezia, nati acotsedwe onse, dziko likhale la azungu okha. Taonani, munthu amene anadyera m'mbale ya anthu akuda, ndiye amene anawapitikitsa pakhomo. Ena amene ankakonda nyimbo zace anapsya mtima, nalemba kalata ku manyuzi, ndipo m'kalatayo munabadwa bungwe la Rock Against Racism, la oimba otsutsa tsankho la mitundu. Pa 30 April 1978 anthu zikwi makumi ambiri anayenda m'miseu ya London kufikira ku Victoria Park kukana tsankholo.

Za kunyumba kwace nazonso si zokoma. Anagwidwa ukapolo wa mankhwala ozunguza bongo, pambuyo pace wa mowa. Iye mwini anabvomera mu 1999 kuti ankazunza mkazi wace woyamba, Pattie Boyd, pamene anali cidakwa, ndipo anabereka ana kunja ukwati ulipobe. Koma mu 1987 analeka mowa, ndipo m'buku la mbiri yace asimba kuti tsiku lina, ali ku nyumba yothandizira zidakwa, anagwada pansi napempha cithandizo, ndi kuti kuyambira pamenepo apemphera m'mawa ndi madzulo. Pa 20 March 1991 mwana wace wa zaka 4 anagwa pa zenera la nyumba yosanja ku New York namwalira. M'cisoni cimeneco analemba, pamodzi ndi Will Jennings, nyimbo ya Tears in Heaven, imene yatonthoza anamfedwa m'maiko ambiri. Mu 1998 anatsegula nyumba yociritsira zidakwa pa cisumbu ca Antigua, ndipo caka cotsatira anagulitsa magitala ace 100 kuti ndalama zace zithandize nyumbayo.

Ndi munthu mmodzi yemweyo amene anacita zonsezi. Kodi tsono titani nazo nyimbo zace?

Eklezia anakumana nalo funso lofanana ndi ili kale lomwe, ndipo kunali kuno ku Afrika. Pa mazunzo a mfumu Diocletian, amene anayamba mu 303, ansembe ndi aepiskopi ena anacita mantha napereka mabuku oyera kuti atenthedwe. Mazunzo atatha, otsatira a Donatus ku Carthage anaphunzitsa kuti ubatizo wopatsidwa ndi munthu wotere uli wacabe, pakuti manja ace ali odetsedwa. Augustino Woyera, episkopi wa ku Hippo m'dziko limene lero lichedwa Algeria, anawatsutsa zaka zambiri, makamaka pa msonkhano wa ku Carthage mu 411. Iye anati wobatiza weni-weni ndiye Kristu, wansembe ali ngati ngalande ya miyala: mwala sumera kanthu, koma madzi oyenda pamenepo afika ndithu ku dimba, ndipo mbeu zikula. Akatekisti acenjere pano, angasokoneze ana. Nyimbo si sakramenti, ndipo mphamvu ya Kristu siimangidwa m'gitala monga iri mu ubatizo. Cimene titengapo n'cakuti mphatso yabwino iri yonse icokera kwa Mulungu, monga Yakobo atiphunzitsa m'mutu woyamba wa kalata yace, ndi kuti kuipa kwa woinyamula sikuisandutsa yoipa.

Ndipo ife tomwe ticita zimenezi pa Misa osazindikira. Mfumu Davide anatenga mkazi wa Uriya, naphetsa mwamunayo ku nkhondo (2 Samueli 11), koma Eklezia sanataye masalmo, ndipo Salmo 51, la kulapa kwace, ndilo tiliimba pa Lenti. Ku Roma, m'chalichi ca Luigi Woyera, muli cithunzi ca kuitanidwa kwa Mateyo cojambulidwa ndi Caravaggio, munthu wandeu amene anapha mnzace mu 1606 nathawa mu mzindamo. Akristu apemphera patsogolo pa cithunzico mpaka lero. Conco tate amene aletsa mwana wace kuphunzira kayendetsedwe ka zala ka Clapton cifukwa ca macimo a Clapton, ayenera kudzifunsa ngati sakutsata njira ya Donatus.

Koma ine ndiona kuti ngozi yaikulu ya ana athu iri mbali inayo, ndiyo ya mau aja a pa makoma a ku London. Mnyamata akakonda nyimbo, mtima wace suima pa nyimbo pokha: ayamba kubvala monga woimbayo, kumwa monga iye, ndi kukhulupirira ziri zonse zoturuka pakamwa pace. Luso la zala alisandutsa nzeru ya mutu. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Kusiyanitsa nyimbo ndi mwini wace sikutanthauza kubisa nyererezo. Mwanayo auzidwe za ku Birmingham zonse, adziwe kuti akadakhala m'khamu lija, mau aja akadagwera iye yemwe. Adziwenso maina a Muddy Waters ndi Robert Johnson, eni ace a nyimbozo, amene sanalandire cuma cimene analandira wophunzira wao.

Palinso pamene kusiyanitsako kulephera, ndipo ndi pamene coipaco calowa m'nyimbo momwe. Mu December 2020, pa nthawi ya mliri wa Covid-19, Clapton anaimba nyimbo yolembedwa ndi Van Morrison yochedwa Stand and Deliver, yotsutsa malamulo oti anthu akhale m'nyumba, ndipo mau ace anafanizira malamulowo ndi ukapolo. Munthu ali ndi ufulu wotsutsa boma lace. Koma Robert Cray, woimba wakuda wa ku Amereka amene anali bwenzi lace zaka zambiri, anapwetekeka mtima poona ukapolo wa makolo ace ukuyesedwa cinthu cimodzi ndi kukhala m'nyumba miyezi yowerengeka, ndipo anakana kuyenda naye ulendo wokaimba. Apa sitinganene kuti nyimbo iri padera, ndale ziri padera, pakuti nyimboyo ndiyo ndale zace. Mkristu aiyese ndi muyeso womwe ayesera ulaliki kapena nkhani ya m'nyuzi.

Ena adzafunsa, kodi analapa? Mu 2004 anali kuyamikirabe kulimba mtima kwa Powell. Mu 2018, poonetsedwa kanema wa mbiri yace ku London, anati acita manyazi ndi zimene analankhula, nachula mowa ndi mankhwala. Katekisimu atiphunzitsa kuti kulapa koona kufuna cisoni, kuulula, kutsimikiza kusabwereza, ndi kubweza cimene tinaononga, ndi kuti munthu woledzera mwadala sacotsa mlandu wonse pa zimene acita ataledzera. Zimenezi tiziphunzitsa poyera. Koma kuweruza mzimu wa munthuyo si nchito ya katekisti. Mu 2025 anakwanitsa zaka 80, ndipo amene anatonthozedwapo ndi nyimbo yace ya maliro angacite bwino kumchula pa mapemphero ao.

Funso lomweli lifika ndi pa kwaya zathu. Pakapezeka kuti wopeka nyimbo za m'chalichi wasiya mkazi wace wa ukwati natenga wina, akristu amagawikana, ena ati nyimbo zace zilekedwe, ena ati palibe kanthu. Ngati mau a nyimbozo ali oona ndi oyenera pa Misa, ziimbidwebe. Kuti iye aimebe patsogolo kutsogolera kwaya ndi nkhani ina, cifukwa pamenepo ana aona munthuyo, osati nyimbo yokha. Nkhani imeneyo akatekisti asaigamule okha. Aitengere kwa Bambo Mfumu, ndipo munthuyo amvedwe asanagamulidwe kanthu.