Thandizo la Zaumoyo la Boma: Zoyenera Kudziwa Banja la ku Chinyonga

Ambiri kuno ku Chinyonga timakumbuka chipatala thupi likatentha, ndipo timangolunjika ku Gulupu, pa Queen Elizabeth, poti ndi pafupi. Komatu ku Gulupu n'kotumizako matenda amene akanika kwina. Ntchito za tsiku ndi tsiku zili m'manja mwa ofesi ya zaumoyo ya boma la Blantyre, kwa DHO, imene imayang'anira zipatala zing'onozing'ono monga cha Limbe, Zingwangwa, Ndirande ndi Bangwe. Kumeneko thandizo ndi laulere, ndipo lambiri ndi loti munthu alandire asanadwale.

Kopita koyamba

Ngati ndi malungo, chifuwa, kutsekula m'mimba kapena bala laling'ono, yambani ku Limbe, ku Zingwangwa kapena pa Gateway, pafupi ndi Gulupu pomwepo. Lawirirani m'mamawa, buku lakuchipatala lili m'manja. Akaona kuti matenda akula, adzakulemberani kalata yopita nayo ku Gulupu. Koma mwana akamakomoka, akamabanika kapena akakaniratu kuyamwa, ndiponso mayi woyembekezera akamataya magazi, thamangani naye osadikira kalata.

Sikelo ya ana

Mwana akangobadwa amabayidwa BCG pamkono, n'kudonthezeredwa katemera wa poliyo m'kamwa. Amabwereranso akakwana masabata 6, 10 ndi 14. Pa miyezi 9 amalandira katemera wa chikuku ndi wa typhoid. Wa typhoid ameneyu anayamba kuyesedwa pa ana a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa mu 2018, ndipo anafalikira dziko lonse mu 2023. Wa chikuku wachiwiri, wa pa miyezi 15, ndiye amaiwalika kwambiri, chifukwa mwana amakhala akuthamanga kale pabwalo. Sikelo imatha mwana akakwana zaka 5. Akam'pachika pa kabudula wa sikelo uja, yang'anani mzere umene akulemba m'buku: ukasiya kukwera, funsani chifukwa chake musanachoke. Atsikana a zaka 9 nawo ali ndi katemera wa HPV, woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero, amene anayamba kuperekedwa dziko lonse mu 2019.

Amayi ndi abambo

Mayi ayambe sikelo mimba isanapitirire miyezi itatu. Amalandira mankhwala owonjezera magazi, Fansidar woteteza ku malungo, neti ndi katemera wa kafumbata. Abambo, perekezani amayi, mukayezetse magazi limodzi. Pamalo pomwepo pali njira zolerera: mapiritsi, jakisoni, ya pamkono, lupu ndi makondomu. Amayezanso khomo la chiberekero, shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Amene wakhosomola masabata awiri akapereke makhololo. Chifuwa chachikulu chimachizika ndi mankhwala a miyezi 6, bola osadukiza. Amene wagwiriridwa afike pasanathe maola 72 kuti alandire PEP, mankhwala oteteza ku HIV.

Madzi ndi kolera

Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za mu Blantyre zinachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Mipopi ikauma n'kutunga madzi a pachitsime kapena ogula m'zigubu, thirani WaterGuard kapena klorini wa kwa alangizi a zaumoyo, motsatira muyezo umene akuuzani. Vundikirani ndowa, mudikire mphindi 30 musanamwe, ndipo kapu yotungira ikhale yakeyake. M'nyumba musasowe Thanzi ORS: paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Munthu akamatsekula zamadzimadzi zonga madzi otsukira mpunga, muzim'mwetsa pang'onopang'ono muli m'njira yopita kuchipatala, ndipo uzani alangizi a zaumoyo kuti adzapopere pakhomo.

Galu akaluma

Chiwewe chikayamba kuonekera sichichizika. Tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, osathirapo mchere kapena phulusa, kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale galuyo ndi wa pakhomo panu. Kuyambira 2015 a Mission Rabies akhala akubaya agalu katemera waulere mu mzinda uno chaka ndi chaka. Mukamva kulengeza, m'mangeni chingwe galu wanu mupite naye, ndipo sungani kapepala kamene akupatseni.

Za kukhonsolo

Zinyalala zounjikana, suweji yophulika, nyama yokayikitsa pa butchala kapena malo odyera auve ndi nkhani za nthambi ya zaumoyo ya khonsolo ya mzinda, ku Civic Centre ku Chichiri, kumene kuchokera ku Chinyonga munthu amatha kupita wapansi. Lembani kalata yotchula msewu ndi nambala ya puloti, anansi angapo asainire, musunge kope lanu. Mutu umodzi susenza denga: dandaulo la makomo khumi limamveka kuposa la munthu mmodzi.

Mukakayika usiku ngati matenda angadikire mpaka kuche, imbani Chipatala cha pa Foni pa 929, mulankhule ndi wazaumoyo kwaulere. Ndipo sabata ino sonkhanitsani mabuku akuchipatala a banja lonse, muone katemera amene anatsalira, mulembe tsiku lopita pa kalendala, mabukuwo muwasunge m'jumbo imodzi pamalo podziwa aliyense m'nyumbamo.